Kuchokera Kumtapo Kufikira Pamoto: Za Kuumba Dongo kwa Malenga Chanzi ndi ku India

Aliyense amene adakulira m'midzi ya kwa Mfumu Malenga Chanzi, kuyambira kugombe la Linga kufikira kumadambo a mpunga otsetserekera ku Chia, adziwa kuti mvula ikakata, madzi nayamba kuphwa m'zithaphwi, anyamata obusa amakhala pansi m'mbali mwa dambo, natapa dothi lonata ndi zala zawo, naumba ng'ombe zamalinunda ndi nyanga zosongoka, ena timabwato, ena timagalimoto. Ndipo adziwanso kuti chuma chonsechi, chingaume padzuwa kufikira kulimba gwa, sichiona chaka chachiwiri, pakuti mvula yoyamba ikachipeza pabwalo chimasungunuka ndi kubwerera kumatope kumene chidachokera. Komatu m'nyumba za makolo a anyamata omwewo muli mitsuko imene agogo adaumba ndi dothi la dambo lomwelo, ndipo mitsukoyo yasunga madzi usana ndi usiku zaka zambirimbiri osasungunuka. Chosiyanitsa ng'ombe ija ndi mtsuko ndicho moto. Dothi loumba ndi kuotcha, lopanda utoto wagalasi pamwamba, Azungu amalitcha terracotta, ndipo m'nkhani ino tilitsata ulendo wake wonse, tisanakaone zimene amisiri a ku India, amene mbiri yawo ya zifanizo zadothi yamveka pa dziko lonse, amachita ndi nzeru yomweyi.

Dongo nchiyani?

Si dothi lililonse limene lilola kuumbidwa. Mchenga wa kugombe, ungaunyowetse chotani, ukauma umangoyoyoka. Dothi la m'munda limagwirana pang'ono koma nkung'aluka. Dongo lokha ndilo limamvera dzanja, nilisunga maonekedwe amene lapatsidwa. Chiyambi chake chili m'miyala ya kumapiri. Mvula ndi dzuwa zimafumbutsa miyalayo pang'onopang'ono pa zaka zikwizikwi, ndipo mitsinje monga Bua ndi Kaombe imanyamula fumbilo kutsika nalo kunyanja. Mchenga, pokhala wolemera, umatsala msanga m'njira, koma tinthu tosalala kwambiri timayandama mpaka pamene madzi adekha, m'madambo ndi m'matamanda, nitikhazikika pamenepo chaka ndi chaka. Malo otere, pamene amayi amakumba dongo loumbira, ndiwo mtapo.

Tinthu ta dongo ntating'ono koposa, kotero kuti 500 titandandalikidwa mumzere tingathe kukwana pa milimita imodzi yokha. Ophunzira amene adatiyang'ana ndi makina okuza zinthu adapeza kuti si tobulungira ayi, koma taphanthiphanthi. Wokhala kunyanja adzamva msanga tikanena kuti tili ngati mamba a chambo ataunjikana pamwala pamene mayi wapalira nsomba: akali anyowa amaterereka lina pamwamba pa linzake koma osalekana, ndipo akauma amamatirirana kolimba. Madzi olowa pakati pa tinthu timeneti ndiwo apatsa dongo kunata kwake. Ndipo madzi omwewo akamachoka, tinthuto timayandikana, choumbacho nichifota. Dongo lambiri limachepa ndi magawo 5 kufikira 10 mwa magawo 100 pouma, ndipo mavuto ochuluka a woumba agona pa kufota kumeneku.

Mayi wodziwa ntchito yake sasowa makina kuti azindikire mtapo wabwino. Amatsina dothi, nalifikisa pakati pa zala kuti amve mchenga wake. Ena amalilumako ndi mano. Kenaka amapota kachingwe kadongo pachikhatho nakakulunga kuchala, ndipo kakapindika osathyoka adziwa kuti wapeza. Dongo la pachulu nalonso limatumikira m'midzi ina, popeza chiswe chimatulutsa dothi losalala la pansi kulibweretsa pamwamba.

M'midzi yambiri ya Achewa kumtapo kudali ndi mwambo wake, ndipo kwina ulipobe. Ntchito youmba mbiya idali ya akazi. Mkazi amene ali kumwezi sadali kukumba dongo, ndipo woumba adali kudika, ndiye kuti kusala za m'nyumba, kufikira mbiya zake zitapsa, pakuti makolo adaona mbiya yaiwisi monga chinthu chanthete chimene munthu wotentha angathe kuchiwononga. Wina angatsutse chifukwa chimene adapereka, koma sangakane kuti mwambowo udachititsa anthu kuyandikira ntchitoyi ndi ulemu ndi kudekha, ndipo zimenezi dongo limazifunadi.

Kukonza dongo

Dongo likafika pakhomo silipita kumanja nthawi yomweyo. Amayamba alichotsa mizu, timiyala ndi zinyalala; ena amaliumitsa, nalisinja, nalisefa, kenaka nkulinyika m'madzi; ndipo likafewa amalisunga m'phale kapena m'dzenje, atalifunditsa masamba a nthochi, masiku angapo, kuti madzi alowerere ponseponse. Kamwala kamodzi koiwalika, makamaka ka laimu kapena kachigoba ka nkhono, kangathe kuboola mphika utapsa kale.

Pamenepo pakubwera nzeru imene ambiri oona ndi maso saizindikira. Dongo lonata kwambiri, limene munthu wosadziwa angaliyese labwino koposa, ndilo limang'aluka msanga, chifukwa limamwa madzi ambiri ndi kufota kwambiri. Tsono woumba amalisakaniza ndi zinthu zosafota: mchenga wosefa, kapena mapale a miphika yakale atasinjidwa. Zimenezi zimachepetsa kufota, ndiponso zimasiya tinjira tosaoneka m'kati mwa khoma la choumbacho, momwe chinyezi chimatulukira pouma ndi pamoto. Amisiri a ku India amathirako mankhusu ndi mapesi a mpunga odulidwa, ena ndowe za bulu, zimene zimapsa pamoto ndi kusiya timipata. Ndipo pano pa Nkhotakota, pamene mankhusu a mpunga angounjikana kuseri kwa zigayo, woumba zifanizo zazikulu sangadandaule kuti akusowa chosakanizira.

Chotsiriza ndicho kukanya. Dongo limapondedwa kapena kusinjidwa ndi munsi, nilikandidwa ndi manja kufikira lonse litafanana, lopanda mbali youma ndi mbali yamadzi, lopandanso timatumba ta mpweya. Akulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Choumba chosalala kunja, koma chobisa chinyezi m'kati, chimadzaulula chinsinsi chake pamoto.

Kuumba chifanizo

Makolo athu sadadziwe gudumu loumbira. Mayi amaika mbulunga ya dongo paphale, naboola pakati ndi nkhonya, nakokera khoma m'mwamba ndi zala, akuonjeza zingwe zadongo pamwamba pa zinzake, dzanja lina m'kati lina kunja, phale lija likuzungulira pang'onopang'ono. Chitsononkho chimasalaza kunja, chigoba kapena chibanthu cha chikho chimapala m'kati, ndipo kansalu konyowa kamakonza mlomo. Mtsuko wotuluka m'manja otere umakhala wobulungira mwakuti diso silipeza polakwa.

Chifanizo cha nyama kapena cha munthu chimatsata malamulo omwewa, koma chili ndi misampha yakeyake. Tiyerekeze kuti tifuna kuumba mvuu yotalika ngati dzanja kuchokera pachigongono kufikira kuzala. Wosazolowera amatenga chibuma chimodzi nachisema, ndipo mvuu yake imaoneka bwino masiku awiri. Koma kunja kumauma ndi kufota pamene m'kati mukali matope, khungu niling'aluka, ndipo ikapulumuka pamenepo imakaphulika pamoto. Mmisiri amayamba ndi timbale tiwiri taphanthi, tochindikala ngati chala, natilumikiza milomo kuti thupi likhale lamphako. Polumikiza amakanda milomo yonse iwiri ndi kamtengo kosongoka, napaka phala la dongo lomwelo, nakanikiza, nafafaniza msoko ndi chala chachikulu; ndipo chimodzimodzi amachita ndi miyendo, mutu ndi makutu, poonetsetsa kuti zolumikizidwazo zili ndi chinyezi chofanana, chifukwa chiwalo chofewa chikamatidwa pa thupi louma chimafota chokha nkuthothoka. Pomaliza amaboola kabowo pamalo obisika, kumimba kapena m'kamwa, kuti mpweya wa m'kati upeze potulukira. Kabowo kameneka, kosaposa kukula kwa njere ya chimanga, ndiko kamapulumutsa ntchito ya mlungu wathunthu.

Mtengo kapena waya wosiyidwa m'kati kuti ulimbitse miyendo ndi mdani, pakuti dongo limafota koma waya safota, ndipo ming'alu imatsata pamene wadutsa. Nchifukwa chake zifanizo zambiri zadothi zili ndi miyendo yaifupi yonenepa, kapena zimakhala pansi.

Dongo likalimbako, lisanaume, ndiyo nthawi ya zokometsera. Mizere imalembedwa ndi kamtengo kapena munga, madontho amadindidwa ndi bango, ndipo wofuna kufiira amapaka phala la katondo. Kenaka pamabwera nkhulungo, kamwala kosalala ka kumtsinje kamene amayi ena adalandira kwa amayi awo: amakulungiza nako mobwerezabwereza mpaka tinthu ta pamwamba titagona mbali imodzi, khungu niliwala popanda mafuta kapena utoto.

Kuumitsa ndi ntchito ya mumthunzi. Kuno kunyanja, miyezi imene anthu apeza mpata woumba atakolola mpunga ndiyo miyezi yomwe mwera umaomba, ndipo mphepo imeneyi imaumitsa mbali imodzi msanga kuposa dzuwa. Choncho zoumba zimakhala m'nyumba, zofunditsidwa, zikutembenuzidwa, mlungu umodzi kapena iwiri kapena kupitirira monga mwa kuchindikala kwake, ndipo pambuyo pake ndipo zimatulutsidwa padzuwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Choumba chikamamveka chozizira pochigunditsa patsaya, madzi akalimo.

Zimene moto umachita

Malembo Oyera, pofuna kutiphunzitsa za mphamvu ya Namalenga, amatitengera kunyumba ya woumba mbiya. M'buku la Yeremiya, mutu 18, chotengera chimene chawonongeka chikali chachiwisi m'manja mwa mmisiri chimaumbidwanso kukhala china; koma m'mutu wotsatira mneneri akuphwanya nsupa yootcha pamaso pa akulu, monga chizindikiro cha chinthu chosatheka kukonzedwanso. Amene adalemba zimenezi adalidziwa dongo, chifukwa malire a pakati pa ziwirizi ndi enieni, ndipo lero tingathe kuwatchula ndi manambala.

Kutentha kukafika madigiri 100, madzi otsalira m'dongo amawira nasanduka nthunzi. Ndipo popeza lita imodzi ya madzi imabala malita a nthunzi okwana ngati 1,700, moto ukafulumira nthunziyo imasowa njira niphulitsa khoma. Ichi ndicho chifukwa chake amayi amayamba awambika miphika pafupi ndi moto, kapena kuikamo makala ndi udzu woyaka, asanaiunjike pamulu. Koma alipo madzi ena amene dzuwa silingawachotse, omangika m'thupi lenileni la tinthu ta dongo tija. Amenewa amatuluka pakati pa madigiri 450 ndi 600, ndipo akatuluka sabwereranso: kuyambira pamenepo chinthucho chaleka kukhala dongo, ndipo chingagone m'nyanja zaka mazana osasungunuka. Pafupi pomwepo, pa madigiri 573, mchenga wa m'dongo umatupa mwadzidzidzi, ndipo pozizira umabwerera mwadzidzidzinso, kotero kuti mphika wozizidwa mwaliwiro ungathe kung'aluka utapsa bwinobwino. Kutentha kukapitirira, tinthu tija timayamba kuwotcherana m'mbali mwake, choumbacho nichilimba.

Kuotcha kwa kumudzi kumachitika pabwalo, kawirikawiri madzulo kapena mmamawa mphepo itagona. Amayala nkhuni, nasanja miphika, naifunditsa makungwa ouma, nkhuni zing'onozing'ono, zitsononkho, ndowe zouma ndi udzu, nayatsa mbali zonse. Moto wotere umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo sutenga nthawi yaitali; kukada, miphika imaoneka ili psuu m'kati mwa makala, ndipo woumba, amene alibe choyezera kutentha, amawerenga mtundu umenewo. M'madera ena amaitulutsa ndi mitengo ikali yamoto naiwaza madzi ophikamo makungwa, amene amathimbiriza khungu ndi kutseka timabowo; ndipo mphika watsopano amayamba aphikamo phala la gaga usanalandire ndiwo. Wogula pamsika amaugogoda ndi chala: ukalira kuti ngwee ndi wamoyo, ukayankha mogonthera uli ndi mng'alu kapena sudapse.

Kufiira kwa terracotta kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dongo. Pamene mpweya ukufika mokwanira, chitsulocho chimachita dzimbiri nichifiira. Pamene utsi waphimba, mpweya nusowa, pamada bii. Mabanga akuda a pamiphika yathu ndi malo amene chikuni chidatsamira. Palinso mphatso ina ya moto wochepawu imene tiyenera kuitchula: khoma la mtsuko limatsala ndi timabowo tosaoneka, madzi amadonthera kunja pang'onopang'ono, ndipo akamauma ndi mphepo amachotsa kutentha. Madzi a mumtsuko amazizira m'mwezi wa Okutobala chifukwa cha chimenechi, ndipo chigubu chapulasitiki sichidzatha kuchita zotere.

Umboni wa mapale

Chifukwa dothi lootcha silivunda, mapale ndiwo mboni zakale koposa za anthu a m'mphepete mwa nyanja ino. Wofufuza zakale Keith Robinson adakumba ku Nkope, m'boma la Mangochi, napeza miphika ya milomo yochindikala, yolembedwa mizere ndi madontho, imene idayamba kuumbidwa zaka za m'ma 200 kapena 300 Khristu atabadwa, ndi anthu oyamba kulima ndi kusula chitsulo m'dziko lino. Ndipo mapale a mtundu umenewu apezeka m'malo ambiri a chigawo cha kummwera ndi chapakati. Pambuyo pake padadza mitundu ina, monga wa Mawudzu, umene akatswiri amaugwirizanitsa ndi Amaravi, ndi wa Nkhudzi wa zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Robinson yemweyo adayendanso gombe la Nkhotakota, ndipo zimene adapeza zidasindikizidwa mu 1979 ndi dipatimenti ya boma yoona zinthu zamakedzana. Zaka za mapale zimadziwika poyeza makala opezeka nawo pamodzi m'nthaka.

Ku Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, pafupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi adafukula mapale ochuluka pamodzi ndi mbale za ku China ndi mikanda yagalasi ya kutsidya kwa nyanja yamchere, yambiri yochokera ku India. Tsono India sadali mlendo kwa ife. Ndipo pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika m'dziko la Malenga Chanzi cha m'ma 1840, nsalu ndi mikanda zidapitiriza kuoloka nyanja m'madau ake, pa malonda omwe adaononga miyoyo ya anthu osawerengeka otengedwa ukapolo. Mudzi wa Kota Kota, umene lero ndi Nkhotakota, udakula kukhala umodzi wa midzi yaikulu koposa m'chigawo chino cha Africa, ndipo nyumba iliyonse idali kuphikira, kutungira ndi kufululira m'dothi. Wolima pafupi ndi Linga akatembenuza phale lolembedwa ndi khasu lake asalitaye ngati chinyalala.

Zifanizo za makolo athu

Pamenepa wina angafunse kuti, ngati Achewa adalidziwa dongo chotere, zifanizo zawo zili kuti? Yankho nlakuti adaziumba, koma sadaziumbire kuti zikhale. Pa chinamwali cha atsikana, anamkungwi adali kuumba zinyama zadothi zophunzitsira anamwali. Kenji Yoshida, wa ku Japan, amene adakhala pakati pa Achewa a kummawa kwa Zambia m'zaka za m'ma 1980, adalemba za zoumba zotchedwa vilengo, zopangidwa pansi kutchire ndi kukongoletsedwa ndi madontho. Ndipo m'Malawi muno akulu adziwa chingondo, chimene namwali amasenza pamutu tsiku lotuluka. Mwambo ukatha zoumbazo zidali kuphwanyidwa kuti maso osayenera asazione. Tanthauzo lake ndi la eni mwambo, ndipo nkhani ino siifika kumeneko. Chimene tinganene nchakuti Leslie Zubieta, atafufuza zojambula zoyera za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO idawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, adaonetsa kuti zina mwa izo zikugwirizana ndi zoumba za chinamwali. Ababemba a ku Zambia ali ndi zoumba zawo zophunzitsira, zotchedwa mbusa, zimene Audrey Richards adazifotokoza m'buku lake la 1956.

Kwina mu Africa zifanizo zootcha zidatsala: za Nok ku Nigeria, zoumbidwa zaka mazana angapo Khristu asanabadwe, ndi mitu ya ku Lydenburg ku South Africa. Kusowa kwa zathu m'nyumba zosungiramo zakale si umboni wa kusowa luso. Makolo adasankha kuti chiphunzitso chikhale mumtima mwa namwali, chifanizo chibwerere kunthaka.

Akavalo a ku India

Ku India zidayenda mosiyana. M'mizinda yakale ya Harappa ndi Mohenjo-daro, m'chigwa cha mtsinje wa Indus m'dziko limene lero ndi Pakistan, imene idakula pakati pa zaka 2600 ndi 1900 Khristu asanabadwe, ofukula adapeza zifanizo zootcha zochuluka: akazi ovala mikanda, tingolo ta ana, ndi ng'ombe zamalinunda zimene mnyamata wa ku Nkhotakota angazizindikire pomwepo. Kuyambira nthawi imeneyo ntchitoyi siidaleke. Oumba a kumeneko ndi fuko lawolawo, lotchedwa Kumhar m'madera ambiri, mwana kulandira ntchito kwa atate wake; amuna ndiwo amakhala pagudumu, akazi nathandiza kukonza dongo ndi kukometsa.

Chimene chasunga luso lawo ndi chipembedzo cha m'midzi, pakuti munthu wopempha mvula, mwana kapena machiritso amalonjeza mulungu wa mudzi wake kavalo kapena njovu yadothi, ndipo pempho likayankhidwa amapita kwa woumba. M'mudzi wa Panchmura, m'boma la Bankura ku West Bengal, amaumba kavalo wa khosi lalitali lowongoka ndi makutu oimirira, amene watchuka mpaka kukhala chizindikiro cha ntchito zamanja za India. Miyendo inayi, thupi, khosi ndi mutu zimaumbidwa pagudumu, chilichonse pachokha ndi champhako, kenaka nkulumikizidwa. Makutu ndi mchira zimapangidwa padera ndi kulowetsedwa m'mabowo ake. Akafuna kavalo wofiira amasiya uvuni upume, akafuna wakuda amatseka mabowo onse kuti utsi uzungulire m'kati. Ku Molela, m'dera la Rajasthan, amaumba zifanizo za milungu zotukuka pamwamba pa thabwa ladongo losakaniza ndi ndowe za bulu, ndipo anthu a mitundu ya kumapiri amayenda mitunda yaitali chakumayambiriro kwa chaka kudzazigula.

Zodabwitsa koposa zili kummwera, ku Tamil Nadu, kumene akavalo a Aiyanar, mlonda wa midzi, amaima m'mizere kunja kwa mudzi, ena otalika kuposa anthu awiri. Woumba amayamba ndi miyendo inayi ngati mipope, naimanga pang'onopang'ono ndi zingwe zadongo losakaniza mapesi a mpunga, tsiku lililonse kuonjeza pokhapo pamene za dzulo zalimba mokwanira kusenza. Namanga mimba, msana ndi khosi, zonse zamphako. Ndipo kavalo wamkulu amaotchedwa pafupi pomwe waumbidwira, atamuzinga ndi udzu, nkhuni ndi ndowe, namata matope pamwamba kuti kutentha kusathawe. Taonani, palibe njira imodzi pa zonsezi imene mayi woumba mbiya yamowa kwa Malenga Chanzi saidziwa: kusakaniza, kumanga ndi zingwe, kudikira kuti pansi palimbe, kufunditsa moto. Ndiponso Amwenye nawo ali ndi zifanizo zosaotcha mwadala, monga za Durga zoumbidwa ku Kumartuli mu mzinda wa Kolkata, zimene chikondwerero chikatha zimamizidwa mumtsinje kuti zisungunuke. Pamenepa maganizo awo ayandikana ndi a anamkungwi athu.

Dongo pa Nkhotakota lero

Masiku ano mapoto achitsulo ndi zidebe zapulasitiki zalanda malo a nkhali ndi mtsuko m'nyumba zambiri, ndipo oumba otsala ambiri ndi amayi achikulire, amene mtengo wa mphika wawo pamsika sulingana ndi thukuta la kumtapo. Mwambi uja wakuti woumba mbiya adyera m'phale wafika pokwaniritsidwa mowawa. Atsikana sakhalanso pambali pa agogo kuphunzira, ndipo nzeru imeneyi, popeza siidalembedwe koma ili m'zala, imalowa m'manda pamodzi ndi mwini wake. Ichi chiyenera kutidetsa nkhawa.

Komabe khomo silidatsekeke. Kummwera kwa boma, chakufupi ndi Sani m'mphepete mwa nyanja, kuli Nkhotakota Pottery, imene idaphuka kuchokera ku Dedza Pottery, yoyambitsidwa mu 1987. Ndipo m'malo otere Amalawi aphunzira gudumu, chikombole ndi uvuni wotsekeka. Mu uvuni wamphamvu, wopitirira madigiri 1,200, dongo loyenera limagwirana kotheratu osadonthanso madzi, ndipo pamwamba pake amasungunulirapo utoto wagalasi, ndiwo ufa wa miyala umene umayenderera pamoto ndi kuuma wonyezimira. Makapu, mbale ndi tizifanizo ta anthu ndi nyama zotuluka kumeneko zimagulidwa ndi alendo. Koma dongo la kudambo, lokhala ndi chitsulo chambiri, silipirira moto wotere, limapindika ndi kusungunuka, kotero kuti ntchito ya pafakitale siilowa m'malo mwa ya kumudzi.

Chimene chabwezera dongo m'manja mwa amayi ambiri ndi chitetezo mbaula, mbaula yadothi yosatha nkhuni, imene magulu a m'midzi m'maboma ambiri amaumba ndi chikombole ndi kuotcha m'mauvuni a njerwa. Uvuni wotere umasunga kutentha, umakwera pang'onopang'ono ndi kuzizira pang'onopang'ono, ndipo zimenezi ndizo chifanizo chimafuna, kuposa moto wa pabwalo umene umalusa nthawi imodzi. Mbaula iliyonse ili ndi mphako m'kati, ndipo pakati pa mbaula ndi inzake pamatsala mipata imene moto umangodutsamo chabe. Gulu limene lili ndi uvuni lingathe kuika m'mipata imeneyo timvuu, tinsomba ndi asodzi a m'bwato, zouma bwino, zamphako ndi zoboola, osaonjezapo chikuni nchimodzi chomwe. Ndipo ngati mtapo uli watsopano, ayambe aotcha timapale toyesera, tina tosakaniza mchenga wambiri tina wochepa, tolembedwa zizindikiro, kuti aone muyeso umene dongo la kwawo likufuna asanaikemo ntchito ya masiku ambiri.